Bowo Limodzi pa Pepala la Nasiru

Nasiru wa ku Mangochi ankayendetsa galimoto ya mzungu wina ku Al Barsha, dera la mumzinda wa Dubai. Ntchito zitatha ku Dubai mu 2009, bwanawo anagulitsa katundu kuti azipita kwawo. Chomaliza chinali mfuti yawo ya mpweya, imene Nasiru ankaipukuta Lachisanu lililonse ngakhale inali isanaphepo ndi njiwa yomwe.

Anakaiyesera kuchipululu, wogula akuona. Bwana anaombera pepala kasanu. Nasiru atakalitenga anapeza bowo limodzi lokha, ndipo analibisa kumbuyo kuti bwana asachite manyazi. Wogula analilanda, naliyang'ana padzuwa, nagwira pakamwa. Zipolopolo zonse zisanu zinali zitadutsa pabowo lomwelo.

Lero Nasiru amayendetsa minibasi kwawo. Pepala lija limakhala m'chikwama, pamodzi ndi laisensi.