A Swaleh ndi Galimoto Imene Inanjenjemera ndi Maliro

A Swaleh akhala akukonza magalimoto pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika wa pa Boma kwa zaka zoposa makumi atatu. Ine ndinawadziwa tili ana ku madarasa, ndipo tonsefe sukulu sitinapite nayo patali. Pano msana wawo unapindika. Akamatuluka pansi pa galimoto amayamba agwira bampala n'kupuma kaye. Salankhula zambiri. Dalaivala akawauza kuti "ingomangani pang'ono ndikafike," amamupatsa sipanala kuti amange yekha.

Chaka chatha kunamwalira a Tahiru, mlimi wa mpunga wa kwa Malengachanzi. Anamwalirira kuchipatala m'mamawa, ndipo ife Asilamu sitigoneka maliro. Abale anaitanitsa pikapu ya Jamali, mwana wa mlongo wanga, amene amanyamula usipa. Jamali anali atangofika kuchokera ku Kasungu, msewu wa zitunda uja wodutsa m'nkhalango. Sakananyamula maliro m'galimoto yonunkha nsomba. Anatsetserekera nayo kumtsinje, kuilowetsa m'madzi mpaka matayala kumira, kuitsuka ndi sopo, n'kuthamangira kuchipatala.

Anayenda bwino mpaka pamene Jamali anaponda buleki kuti akhotere kunyumba ya malemu. Galimoto inanjenjemera, chiwongolero chikugwedezeka m'manja, jeneza lonyamulira malirolo likugunda zitsulo kumbuyo. A Abubakar, akulu ake a malemu, ananena pomwepo anthu onse akumva: "Akukana kulowa m'nyumba ya mkazi wake. Pali chimene akudziwa."

Mkaziyo ndi a Kulusumu. Maliro atayikidwa, iwo analowa eda, miyezi inayi ndi masiku khumi osachoka pakhomo. Nkhani yoti akukhudzidwa ndi imfa ya amuna awo inkayenda kunja iwo ali m'nyumba, osatha kudziyankhira. Akuchimuna anagwirizana kuti eda ikangotha, a Kulusumu achoke panyumbapo ndipo asiye munda wa mpunga.

Patapita milungu iwiri Jamali anabwera pansi pa mango. Ine ndinali pomwepo.

"Madala, anthu akukana kukwera galimotoyi," anatero.

"Imanjenjemera ikamathamanga, kapena ukaponda buleki?" anafunsa a Swaleh.

"Ndikaponda."

"Umaimva m'manja kapena m'matako?"

"M'manja."

"Ndiye vuto lili kutsogolo. Lero yachitanso?"

"Kwambiri."

"Unanyamula maliro?"

"Ayi, usipa."

"Nanga usipawo ukukana kulowa kwa ndani?"

Jamali sanaseke. A Swaleh anakweza galimoto pa jeke, nagwira tayala pamwamba ndi pansi, kuligwedeza. Linali lolimba, kusonyeza kuti belingi, pozungulira tayala paja, inali bwino. Analigwedezanso cham'mbali, osamva kugwedera kulikonse. Atachotsa tayala anapeza disiki, chitsulo chozungulira chimene mapadi a buleki amakanikiza, ili ndi mawanga abuluu ngati mpeni wopsa pamoto. Anamangirira sipoko ya njinga pachitsulo chosayenda, nsonga yake itatsala pang'ono kukhudza disikiyo, nayamba kuzunguza ndi dzanja. Sipoko inkakanda, kusiya, kukanda, kusiya.

"Unailowetsa m'madzi ili yotentha?"

Jamali anaweramitsa mutu. "Ndimafuna ndilemekeze maliro."

"Unachita bwino kutsuka. Koma watsika zitunda zonse zija phazi lili pa buleki, chitsulo chapsa, iwe n'kuchimiza m'madzi ozizira. Chingapande kupindika?"

"Ndiye konzani, madala."

"Lero ayi. Ndikakonza lero, umboni wa mayi uja watha."

Anabwezera tayala. Lachisanu titatuluka mumzikiti, tinapita atatu kwa Malengachanzi. A Swaleh sakonda maulendo chifukwa cha msana, ndipo njira yonse ankaluma mano. Tinawapeza a Abubakar pabwalo.

"Akulu, takwerani kutsogolo kuno, tikuonetseni kanthu," anatero a Swaleh.

Anakwera monyinyirika. Jamali anapita nafe patali ndithu, natembenuza, naithamangitsa, n'kudzaponda buleki pakhomo pa a Abubakar enieniwo. Galimoto inanjenjemera mpaka kofia yawo inachoka kumutu n'kugwera pamiyendo. Anthu anali atayamba kale kusonkhana.

"Kumbuyoko mulibe maliro," anatero a Swaleh. "Pakhomo pano ndi panu. Akukana ndani?"

A Abubakar anangotola kofia.

A Swaleh ntchito yokonzayo anaigwirira pabwalo pomwepo kuti aliyense aone. Anabweretsa madisiki ena awiri, chifukwa amati kusintha mbali imodzi n'kusewera. Anapala dzimbiri pokhala disiki ndi sandipepa mpaka pataoneka mbee, naika mapadi atsopano. Manati anamanga modumphitsa, ili kenako la kutsidya kwake, pang'onopang'ono, ndipo anamuletsa Jamali kupondera sipanala ndi phazi monga amachitira madalaivala. Disiki yakale anaiika pagalasi la windo, anthu n'kuona okha kuti siikhala pansi monse.

Atatha anawakwezanso a Abubakar. Jamali anakaima pakhomo pa a Kulusumu. Galimoto inaima phee. Katani ya pawindo inasuntha pang'ono, koma mayiwo sanatuluke.

Sindinama: a Abubakar sanapepese. Anangoti, "Tamva." Alipo amayi ena amene mpaka lero amanong'ona kuti chitsulo chimapindikanso ndi zina. Koma eda itatha palibe anabwera kudzatulutsa katundu wa a Kulusumu, ndipo mpunga wa chaka chino akolola okha m'munda womwe uja.

A Swaleh anagona masiku atatu chifukwa cha msana. Tsiku lachinayi ndinawapeza pansi pa mango akuyang'ana minibasi yodontha madzi m'matayala, dalaivala akufotokoza kuti imanjenjemera akaponda. A Swaleh anapuma mozama, natambasula dzanja kufuna sipoko ija.