Thukuta la Akulu Anga

Akulu anga anali telala, ndipo thupi anali nalo, osati masewera. Mpando wawo wa pamakina alamu anachita kukauwotcheretsa zitsulo kuti ulimbe. Eni ake ankangoseka: "Amuna anga amandisamala, inu chikukuwawani n'chiyani?" Makasitomala ankawaitana kuti Abwana, ndipo dzinalo linkawakomera.

Atayamba kutopatopa ndi kumva kupweteka kumanja, pansi pa nthiti, ndinawaperekeza kuchipatala. Adokotala atawaunika anati chiwindi chakutidwa ndi mafuta. Anati mankhwala ake enieni ndi kuchepetsa thupi: kuyenda ndawala mpaka thukuta litatuluka, tsiku ndi tsiku, komanso kusiya zotsekemera.

"Adokotala, inetu ndimapalasa makina kuyambira m'mawa mpaka madzulo," anatero akulu anga. Adokotala anaseka, n'kuwauza kuti mapazi okha sangagwirire ntchito thupi lonse.

Anayambadi. M'mamawa ine ndi iwo, nsapato zachinsalu kuphazi, kuzungulira bwalo la mpira kuseri kwa sukulu. Masiku oyamba ankanditukwana njira yonse, ali wefuwefu, ati ndikufuna kuwapha kuti nditenge makina. Koma patapita miyezi, masitepe a kushopu ankakwera osapumira. Madiresi awo ankawabweza okha, uku akuimba.

Basi, pamenepo anthu anayambapo. Pakamwa pa anthu, inu! Mayi wina wogulitsa mabatani ndi zipi pafupi ndi shopu anafunsa mokweza, makasitomala ali pomwepo: "Abwana, mwathatu. Koma mwakayezetsa?" Nkhani inayenda. Ena anasiya kubweretsa nsalu, ati telala wodwala angafe nsalu zawo zili m'manja. Alamu nawo kuntchito anzawo ankawayang'ana ndi diso lina. Tsiku lina anafika kunyumba atafufuma, n'kuwauza akulu anga: "Ukundichititsa manyazi iwe. Ena akuti ndakupatsira matenda, ena akuti sindikukudyetsa."

M'mawa mwake ndinagogoda ngati masiku onse. Akulu anga anatsegula chitseko pang'ono, ali ndi zovala zogonera.

"Pita wekha," anatero. "Chiwindi palibe amachiona. Nkhope ndiye aliyense amaiona."

Ndinakalipa, ndinalira, ndinawauza kuti anthu akewo sadzawagonera kuchipatala. Anangoti, "Iwe ndiwe mwana, za banja sukuzidziwa." Ndinabwerera kwathu ndili ndi ukali, ndipo ukaliwo sunathe mpaka lero.

Thupi linabwerera, makasitomala anabwerera, alamu anayambanso kuseka. Zaka zinadutsa akulu anga ali pampando uja. Kenako maso anachita chikasu, miyendo inatupa, m'mimba munadzaza madzi. Adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti chiwindi chawonongeka, sichingabwererenso. Ndinakhala pa benchi ya pakhonde.

Sabata yawo yomaliza, mayi wa mabatani uja anabwera kudzawazonda kunyumba. Anawapeza atatsamira mapilo, mimba itakula, nkhope itatupa. Anawomba m'manja mosangalala.

"Koma ndiye mukuoneka bwinotu, Abwana! Osati nthawi ija munatiopseza ija."

Akulu anga anamwetulira n'kunena kuti zikomo. Ine ndinatuluka panja, chifukwa ndikanakhala ndikanamumenya mayiyo pamaso pa wodwala.