Masiketi a Ba Imelda

Ku Kabwata palibe amene sawadziwa Ba Imelda, telala wa mu City Market, amene makina awo osokera ndi akale kuposa zipani zonse za m'dziko muno. Kusoka anaphunzira kwa masisitere ku Chipata, ndipo anachokako ndi lamulo limodzi losasinthika: duwa lalikulu la pachitenge limakhala pamene thupi latambalala kwambiri. Lamulo lachiwiri anadziikira okha zipani zitachuluka, loti iwo savala nkhope ya munthu wopempha voti.

Malo awo mumsikamo ali kumbuyo, moyandikana ndi ogulitsa tinsomba touma ta kapenta, moti diresi la ukwati likagonapo masiku awiri amphaka amaliperekeza mpaka kutchalitchi. Zaka zonsezi mtima wawo unali pa malo a pageti, podutsa madona olemera a ku Kabulonga.

Chaka cha masankho kunafika Ba Kampamba, tcheyamani wa anyamata a chipani mumsikamo, atasenza mpukutu wa zitenge. Pachitenge chilichonse panali nkhope ya Ba Chomba, ofuna ukhansala, mano onse ali pamtunda.

"Muli shani, ba mayo? Musokele azimai athu masiketi makumi awili, msonkhano ni Loweluka. Imodzi ni yanu. Mukavala, malo a pageti mwatenga."

"Nanga nikapanda kuvala?"

"Na pano pa kapenta alipo ofuna, ba mayo."

Kunyumba amuna awo, Ba Abson, amene ntchito inawathera pamene mafakitale ankagulitsidwa, sanaonepo vuto.

"Imelda, nsalu ni nsalu. Ine nili na masikipa a zipani zitatu. Nafa?"

"Simunafe, koma mumasinthila malaya pakona monga wakuba nkhuku."

Komatu tisaname, chiyeso chinawagwira Ba Imelda. M'mawa mwake anaima pageti paja n'kuyeza ndi maso pomwe makina angakhale. Anafika mpaka podzikulunga chitengecho pagalasi, ndipo mtundu wake unawakhala bwino zomvetsa chisoni. Anachivula, nachipinda. Anasoka masiketi khumi ndi asanu ndi anayi monga anawaphunzitsira masisitere, chitenge chotsalacho n'kuchibweza chosadula.

Tsono thupi la mayi wa ku Kabwata limatambalala pati, nonse mukudziwa.

Loweruka amayi aja anavina atafulatira nsanja kuti khamu liwaone. Ba Chomba ali pampando anangoona nkhope zawo khumi ndi zisanu ndi zinayi zikugwedezeka, masaya akufufuma ndi kuphwa motsatira ng'oma. Pa mayi wina wodalitsika, khutu lina linali ku Chelstone, lina ku Woodlands. Ba Chomba ataimirira kuti alankhule, amayi onse mwaulemu anakhala pansi pafumbi, n'kuwakhalira. Ogulitsa chimanga chowotcha akusekabe mpaka lero.

Lolemba Ba Kampamba anabwera kudzawachotsa pamalo.

"Munacita dala, ba mayo."

"Ba tcheya, bweletsani citenge ca maluwa muone pamene duwa ligwela. Nkhope munasankha kukula ndimwe."

Tsoka lake, pabenchi panali patakhala kale amayi asanu a msonkhano uja, nsalu zili m'manja, poti siketi yogwira m'chiuno chonchija anali asanaivalepo. Woyamba pamzere anali mkazi wa Ba Kampamba yemwe.

"Bashi Mwaba," anatero mayiyo kwa mwamuna wake osadzuka n'komwe, "mukawacotsa, diresi langa la ukwati wa mwana wathu muzasoka ndimwe?"

Tcheyamani anakanda m'mutu, nayang'ana kapenta ngati angamuthandize. Kenaka anagamula mlandu mwamphamvu kuti onse amve: kuyambira tsikulo Ba Imelda aletsedwa kukhudza nsalu ya chipani, ngakhale kuivala, moyo wawo wonse. Ba Imelda analandira chilangocho ataweramitsa mutu.

Malo a pageti anapatsidwa mayi wina amene amavala nkhope yatsopano chaka chilichonse cha masankho. Ba Imelda akadali kumbuyo kuja, ndipo madona a ku Kabulonga amawapeza komweko atatseka mphuno. Koma m'mawa uliwonse Ba Imelda akamadutsa pageti, amayenda pang'onopang'ono.