Helimeti Yatsopano ya a Bizwick

Tabitha wa ku Gugulethu amakhala mtima uli m'mwamba, poti amuna ake, a Bizwick, amaperekera anthu zakudya pa njinga yamoto. Tsiku lomwe iwo anagula helimeti yatsopano ndi jekete lokhuthala m'zigongono, iye anapumako. Koma m'mawa mwake anawaona akuvala helimeti yakale, yong'aluka kumbuyo.

"Bambo a Ulemu, yatsopano ija mwaisiyiranji?"

"Ndikayambira kuivala kumudzi pa Khirisimasi, mayi. Kuno akuba angandivule."

Ananyamuka chimphepo chikugwedeza malata, ndipo Tabitha anaswera akuthamangira foni ikangolira. Iwo atabwerako, iye anatenga helimeti yakaleyo n'kuiphwanya ndi njerwa, mwana wawo Ulemu ali kumbuyo.

Lero a Bizwick amavala yatsopano. Tabitha tsopano akuopa akuba aja.