Batire la a Yotam Shaba

Ukafunsa za a Yotam Shaba ku Champhira, palibe amene angayambe ndi fodya wawo, ngakhale amalima wabwino ndithu. Onse amayamba ndi batire. Bamboyu anali ndi kafoni ka mabatani kamene mwana wawo Goodluck anawatumizira kuchokera ku Joni, ndipo ulemerero wawo wonse pa dziko lino unali wakuti amatchajitsa kamodzi kokha pa masabata awiri.

Nzeru yake musayembekezere zozama ayi. Foniyo inkangokhala yozima. Batire ankalichotsa, n'kulikulunga m'kansanza, n'kulitsekera m'chitini. Dzuwa likaswa mtengo ankaliyanika pa denga la chigafa ngati therere, ati lizimwa mphamvu. Lamulungu lokha, akaweruka kutchalitchi, ankakwera pa chulu cha kuseri kwa nyumba, pomwe netiweki imagwira, n'kuyatsa kwa mphindi zisanu. Wina akaimba, ankamudula moni pakati: "Lankhulani luwiro, mukundithera batire!"

Kwa Mateyu wometa tsitsi, kumene anthu amatchajitsa mafoni pa sola, a Shaba ankafika ngati mphunzitsi wamkulu. "Imwe mafoni anu amadya chomene chifukwa mumawalera ngati makanda. Yanga iyi, mbwenu lero tsiku lakhumi." Anthu ankawaombera m'manja mowanyogodola, iwo n'kumayesa ulemu. Munthu wa imvi zake kumanyadira foni yosalira! Bola akanamayenda ndi mwala m'thumba, sufuna n'kutchaja komwe.

Lamulungu lina mu Julayi, ali pa chulu paja, anaimba Ben, mnzake wa Goodluck wokhala naye ku Joni. Anati Goodluck wagonekedwa m'chipatala, chifuwa chamupanikiza. "Foni isazime, adada," anatero. A Shaba anayankha kuti yewo, n'kuzimitsa pomwepo.

Mkazi wawo, NyaMoyo, atamva nkhaniyi anagwada pa khonde. "Awiske Goodluck, bambo a mwana wanga, ndapota, isiyeni yoyaka sabata ino yokha. Mwana angafune kutilankhula."

"NyaMoyo, ndili pa tsiku la khumi ndi chimodzi. Kwa Mateyu ndinalonjeza kuti ulendo uno ndifikitsa masabata atatu. Chifuwa cha kuzizira kwa ku Joni timachidziwa. Tidzamumva Lamulungu."

Mayi wosauka uja anayesa ndithu. Lachitatu, bambo atapita kudimba, anatsegula chitini n'kupeza kansanza kokha. Mwini wake anali atadziwiratu, batire anapita nalo m'thumba la jekete. Kubwereka foni ya mnansi sikukanathandizanso, poti nambala ya Ben inali m'kafoni kakufa komweko. Anangokhala pa khonde, manja pa tsaya.

Lachisanu masana a Shaba ndi mkazi wawo anaona Mateyu akutsika pa njinga patali ndi bwalo, chipewa m'manja. Atamupatsa mpando anakana, anakhala pansi.

"Adada Shaba, Ben waimba kwa ine, nambala yanga wachita kufunsira. Goodluck watisiya m'mawa uno. Kuyambira Lachiwiri amapempha kuti amve mawu a amama ake. Akuti aimba, aimba, foni yanu yozima."

NyaMoyo anakuwa mpaka anthu a kudimba anataya makasu. A Shaba anakatenga kafoni kaja. Anapisa m'jekete, n'kulowetsa batire, koyamba chozondoka. Kenaka anakwera pa chulu pawo, Lamulungu lisanafike. Kafoni kaja kanayamba kulira kosalekeza, mauthenga onena za amene anaimba akulowa motsatizana, onse dzina la Ben. Pa ngodya ya galasi, mizere itatu ya batire inali chilili, yosagwedezeka.

NyaMoyo anafika m'munsi mwa chulu, duku lili m'manja, mawu atasasa.

"Lakwana masiku angati, awiske Goodluck? Tsikani muwauze a Mateyu. Si awa, abwera okha."