Dzinja limene mfuti ya amalume inakhala chete

Kanali kachitini ka tiyi, kofiira, kopindika chivindikiro, ndipo m'katimo munkagona makatiriji a amalume, a mkuwa okhaokha. Ukakagwedeza kankaimba, weche weche, ine n'kumavina! Lero ndili kuno ku Maryhill, m'nyumba ya mwana wanga, mvula ya Glasgow ikungonyowetsa makoma osatopa. Fungo la chitsulo chonyowa likandipeza pamasitepe, basi ndabwerera, ndili kumunda kwathu kutsinde kwa phiri.

Abambo anali ku Joni. Munda unali wa amayi, koma wotiyang'anira ife ana anali amalume, mwini mbumba. Chimanga chinabereka chaka chimenecho, ee, chinabereka, Ambuye alemekezeke, ziwiriziwiri paphesi! Anyani a m'phiri nawo anaona. Chimene ankaopa chinali chimodzi chokha, mfuti ya amalume.

Makatiriji atsopano kwathu kunalibe kowapeza, ndiye amalume ankadzazanso akale omwewo. Patako pa katiriji pamakhala kachitsulo kakang'ono kozungulira, kamene kamayatsa wonga. Iwo ankakatchula kuti kadiso. Kadiso kakaphulika kamodzi ndiye kafa, kachoke kuti kalowe kena. Amalume ankakhala pakhonde, msomali m'manja, kugogoda pang'ono, ko, ko, kadiso kakufa n'kugwa pansi.

Ndiye kunagwa maliro kutsidya. Amalume anapita, mtsinje n'kudzaza, anatsakamira komweko masiku. Amayi posesa anatsegula kachitini, anapeza makatiriji opanda kanthu aja ali bii ndi utsi. Mayi wanga uja, wosagona mbale ili yakuda! Anatapa phulusa, anafinyira mandimu, anawaviika onse m'madzi, n'kuwakwecha monga ankakwechera mapoto, uku akuimba nyimbo ya kwaya. Ine ndinkayankha nyimboyo. Anawala, abale, anawala mbee! Dzuwa kunalibe, ndiye anangowapukuta ndi chitenje, n'kuwatsekera m'chitini akadali ndi chinyezi.

Amalume atabwera anatsegula. Mkuwa unkawalabe, koma kuzungulira kadiso kalikonse kunali dzimbiri lobiriwira. Anayang'ana nthawi yaitali. Amayi ali chiimire pakhomo, manja m'chiuno, akuti, "Mwaona, achimwene? Mumasunga zinthu ngati mulibe mlongo."

Amalume anangoti, "Mwachita bwino, achemwali. Akuwala ndithu."

Makatiriji odzaza kale amene anali m'thumba mwawo anatha msanga. Amalume anakhala pakhonde, msomali m'manja. Ko, ko. Kadiso kali phee. Anagogoda mwamphamvu, msomali unapindika. Anaunola wina, unaboola pakati, mphepete mwa kadiso n'kutsalira momwemo, mwamamatira ngati nkhupakupa pakhutu la galu. Anadula sipoko ya njinga, inathyoka. Aphunzitsi a pasukulu yathu anati viikani m'parafini, anaviika, khonde lonse linanunkha, palibe chinasintha. Anakapempha mafuta a makina osokera, anadonthezera, anadikira, anagogodanso, katiriji n'kung'ambika. Chala chawo chachikulu chinatupa, chikhadabo chinada. Ine ndinkangokhala pambali, manja awiri ali chitambasulire kudikira kadiso kagwe. Sikanagwe.

M'mawa uliwonse ankanyamulabe mfuti kupita kumunda, ife pambuyo ndi zitini ndi miyala. Poyamba anyani ankathawa akangoiona. Koma nyani si chitsiru, ayi ndithu. Chinyani chachimuna, chaimvi pamsana, chinadzakhala pachulu, chikusenda mondokwa wathu, chikutiyang'ana. Amalume analozetsa mfuti. Chinyani chinapitiriza kutafuna. Ndiye amalume, bambo wamkulu uja, anakuwa ndi pakamwa, "Phuu!" Ine ndinaseka mpaka kugwa m'mizere. Ambuye andikhululukire, kodi mwana amadziwa chiyani?

Tinamenya zitini mpaka manja matuza. Tinakuwa mpaka mawu kutha, amayi sanathe kuimba kutchalitchi. Ukathamangira kumtunda, alowa kumunsi. Ukathamangira kumunsi, ana awo akuthyola kumtunda, chimanga m'khwapa, china m'kamwa. Mapesi ankalira, thyo, thyo, ife tikumva. Pokolola, nkhokwe sinafike ndi m'chiuno momwe. Tisanalimenso tinali tikudya mango owiritsa.

Mwezi wathawu mdzukulu wanga anandionetsa pafoni bambo wina wa kutali, ali ndi makina onyezimira odzazira makatiriji a mfuti yaifupi. Singano yake yochotsera kadiso yathyoka, iye akudandaula, akupukusa mutu. Ndinaomba m'manja, ndinaimba, ndinati mufunseni ameneyo, anamutsukira ndani! Mwanayo anandiyankha m'Chingerezi chake cha kuno chothamanga chija, sindinamve, tinangoseka tonse.

Chaka chijacho amayi ankafotokozera aliyense wobwera pakhomo kuti makatiriji aja anali okalamba, anatopa. "Ndinayesetsa ine, mpaka kuwatsuka, koma ayi." Amalume ali pomwepo pakhonde, chala chokulunga kansanza, akugwedeza mutu: "Zoona, achemwali, anakalamba."

Ine ndinkawamvera chisoni amalume, kuti munthu wodziwa mfuti chotere, walephera kudziwa chimene chaipha.