Tsiku limene ndinabereka mng'ono wanga

Mudzi wathu unali kumpoto kwa Usisya, nyumba zowerengeka zopanikizika pakati pa phiri ndi nyanja. Msewu? Musandiseketse. Ukafuna kupita kwina unkagwira nkhafi, apo ayi kukwera phiri chokwawa. Amuna ambiri anali ku Joni ndi ku Halale, moti okoka khoka tinatsala asanu, mmodzi wa diso limodzi.

Ada, bambo athu, atamwalira, ama anatiitana ine ndi mng'ono wanga. Anati wina apite kukagwira ntchito zaka ziwiri, wina atsale azipha nsomba ndi kulima chinangwa, kenako tisinthane. Ine wamkulu, ndi ulemu wanga wopusawo, ndinati ayambe mwanayo. Zaka ziwiri zija zinasanduka zisanu ndi ziwiri.

Nsanje inandidya, sindibisa. Kalata yake ikafika, ama ankandiimika panja pa tchalitchi kuti ndiwerenge mokweza anthu onse amve: magetsi, sitima yapamtunda, nyumba zosanjikizana. Ndinkawerenga ndi manja onunkha usipa, ine amene ndinkadyetsa ama, mkazi wake ndi ana ake awiri. Bulangete limodzi lomwe anatumiza linatamandidwa kuposa madengu onse a nsomba amene ndinatula pakhomopo. Ha!

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, analemba kuti akubwera. Ndinamanga katundu wanga, ndinauza aliyense kuti sitima yapamadzi yomubweretsayo ikamabwerera kummwera ndikwera ndine. Ndinakamutenga ku Usisya pa bwato. M'njira sanalankhule zambiri, anangodzifunditsa jasi dzuwa likuswa mtengo. Ndinati mumtima, matama ayambika.

Kwathu wochokera kunja sankafika atavala wamba. Tinkaima kuseri kwa thanthwe lomaliza mudzi usanaoneke, iye n'kukabisala, kuvala suti, nsapato ndi chipewa. Ndiye pagombe pathu miyala imaletsa bwato kufika pamchenga, choncho mbale wake wotsala kumudzi ankatsikira m'madzi n'kumubereka kuti nsapato zisanyowe. Eya, wotsalayo ndiye anali bulu wake.

Tinapeza mudzi wonse uli pagombe, akazi akululutira, ama akuvina. Ndinatsika, madzi m'chiuno, n'kumupatsa msana. Ndinali nditakonza kale chiwembu changa. Pakatikati panali mwala woterera umene ndinkaudziwa bwino. Kungopondapo, suti yonse chubwi! Anthu akanati ndi ngozi.

Koma atakwera ndinadabwa. Munthu amene ankandigwetsa tikamalimbana pamchenga anali wopepuka ngati mtolo wa bango louma. Mawondo ake ankandibaya m'nthiti. Mpweya unkalira m'chifuwa mwake, ine ndikuumva pamsana panga.

"Akulu," anandinong'oneza, "yendani pang'onopang'ono, ndisatsokomole pamaso pa ama."

"Wadwala liti iwe?"

"Fumbi la mumgodi. Andichotsa ntchito. Khoka sindingakokenso, mundikhululukire."

Mwala uja ndinaulambalala. Ndinamutsitsa pamchenga wouma, nsapato zili waliwali. Anthu anamuunjirira akufuula moni wakwathu, "Timuwoneni, ada!" Iye anavula chipewa, "Yewo, yewo," akumwetulira ngati bwana. Palibe anandiyang'ana. Ndinabwerera m'madzi kukatenga sutikesi yake.

Patapita masiku anayi sitima inadutsa patali kulowera kummwera, ine ndili pachingwe cha khoka. Ndinatukwana mokweza mpaka wa diso limodzi uja anandifunsa ngati ndaponda minga.

Mng'ono wanga anakhala nafe mvula ziwiri, ali pakhonde, akusimbira ana za ku Joni chifuwa chikamupatsa mpata. Ndinkamunyamula kupita naye padzuwa, ndipo nanenso ndinkatchera khutu, mtima ukuwawa. Tinamuika kumanda a kuphiri. Ana ake anakhala anga, ndipo zoti ine ndipite sanazitchulenso munthu, ngakhale ama.

Akulu ampingo anandiuza kuti ndizithokoza Mulungu, mapapo anga ndi abwino. Ndimathokoza ndithu. Koma ndakalamba, ndinene zoona: iye anakaona ndi maso ake, ine ndinangomva. Munthu anagona m'manda kalekale, ine wamoyo ndikumuchitirabe nsanje.